Fumbi Labwereranso: Kuthana ndi Tizikumbu ta Banja la Bostrichidae

Mwasesa dzulo madzulo, m'mawa kamulu ka fumbi loyera kali pomwepo, pansi pa thumba la chimanga, pansi pa mwendo wa tebulo kapena pansi pa nsungwi ya padenga. Munathira mankhwala, fumbi linaleka milungu ingapo, lero layambiranso. Tikaona zotere timangoti chafumbwa, ndipo kachilombo kalikonse kakang'ono kakuderako timakapatsa dzina limodzi lomwelo, nankafumbwe. Vutoli limakhalitsa chifukwa cha zimenezi. Tizilomboti timafanana ukamatiyang'ana uli chiimire, koma si ta banja limodzi, ndipo mankhwala opha kamodzi amatha kukasiya kanzake kakudya mwamtendere.

Fumbi likachuluka modabwitsa, nthawi zambiri mwini wake amakhala wa banja lomwe anthu ambiri sanalimvepo, la Bostrichidae.

Banjali ndi abale ake

Zikumbu zonse zili m'gulu lalikulu la Coleoptera, ndipo chizindikiro chake ndi mapiko a pamwamba olimba, ophimba mapiko enieni oulukira. Asayansi alemba kale mitundu ya zikumbu pafupifupi 400,000. Pa chiwerengero chimenechi Bostrichidae ndi kabanja kakang'ono, mitundu yake imangopitirira 700. Dzinali analipereka ndi Pierre André Latreille wa ku France mu 1802. Abale ake apafupi ndi a Dermestidae, odya zikopa, ubweya ndi nsomba zouma, komanso a Ptinidae, komwe kuli kachikumbu koboola mipando yakale ndi kena kokonda fodya wouma. Nankafumbwe weniweni, uja wa mlomo wautali wotchedwa Sitophilus, si mbale n'komwe. Kwawo ndi ku banja lina lalikulu kwambiri, la Curculionidae.

M'kati mwa Bostrichidae muli nthambi zingapo, koma zotisowetsa tulo ndi zitatu. Dinoderinae ndi nthambi ya tating'ono toboola mbewu zosungidwa ndi nsungwi. Lyctinae ndi ya toboola matabwa ouma. Mabuku akale amaiwerenga ngati banja palokha, Lyctidae, choncho musadabwe mukapeza mayina onse awiri. Bostrichinae ndi ya zokulirapo, zoboola nthambi, mitengo yogwetsedwa kumene ndi matabwa osauma bwino. Tating'ono kwambiri timangofika mamilimita awiri, pomwe chachikulu pa onse, Dinapate wrightii cha m'mitengo ya kanjedza ku California, chimafika masentimita 5. Ku California komweko kuli kena, Scobicia declivis, komwe kanatchuka chifukwa choboola mtovu wokutira mawaya a telefoni. Nsagwada za banjali si zamasewera.

Chofunika kuchigwiritsa kuposa mayina onsewa n'chakuti banjali ndi la m'mitengo. Chimene mphutsi zake zimafuna m'mtengo ndi sitachi ndi shuga zomwe mtengowo unasunga m'mbali yake yoyera ya pansi pa khungwa. Ulusi wa mtengo zimangoutafuna n'kuutaya osaugaya, n'chifukwa chake fumbi limachuluka chonchi. Tsono chimanga, chinangwa chouma ndi tirigu ndi sitachi yokhayokha. Mitundu ingapo ya banjali itazipeza inasamukirako, koma nsagwada zoboolera mtengo sinazisiye, ndipo kumtengoko sinatsanzike.

Gwirani kachilombo musanagule mankhwala

Sefani fumbi lija papepala loyera, zomwe zatsalira ziikeni m'kabotolo, n'kuziyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu. Foni nayo imathandiza: jambulani pafupi, mukulitse chithunzicho.

Yambani ndi mutu. Mukakayang'ana kuchokera pamwamba koma mutu osauona, chifukwa waweramira pansi n'kubisala m'chigoba cha pakhosi ngati munthu amene wakokera chipewa kumaso, kameneko ndi ka Bostrichidae. Kutsogolo kwa chigobacho kuli timano tokhakhala. Thupi ndi lobulungira, lotalikirapo, ndipo tinyanga timathera ndi tizigawo titatu tokulirapo, totayana pang'ono. Nankafumbwe wa Sitophilus simungamusokoneze mukangoona mlomo wautali ndi tinyanga topindika pakati. Kofiirira, kophwatalala, kothamanga kwambiri mu ufa ndi Tribolium, wa banja la Tenebrionidae, ndipo iyeyu amangodya zomwe anzake aswa kale.

Kenako yang'anani kumatako. Kachikumbu ka mamilimita 3 mpaka 4.5, kakuderako, kodukizika kumbuyo mwa makona, ndi Prostephanus truncatus, yemwe ambiri amamutcha nankafumbwe wamkulu. Kowonda, ka mamilimita 2 mpaka 3, kozungulira kumbuyo, ndi Rhyzopertha dominica. Kafupi, konenepa, ndi Dinoderus, ndipo mtundu wake wofala m'nsungwi uli ndi timaenje tiwiri kumapeto kwa chigoba cha pakhosi. Nthambi ya Lyctinae ndiyo yosokoneza, chifukwa mutu wake umaonekera poyera, thupi ndi lophwatalala, ndipo tizigawo ta kumapeto kwa tinyanga ndi tiwiri.

Mukapeza mphutsi zokha, werengani miyendo. Za Bostrichidae ndi zoyera, zopindika, zili ndi timiyendo tisanu ndi kamodzi kutsogolo. Za Sitophilus zilibe miyendo.

Ndinathira mankhwala koma chimanga chikusandukabe fumbi

Pano woganiziridwa woyamba ndi Prostephanus. Kwawo ndi ku Mexico ndi Central America, komwe adani ake achilengedwe amamuchepetsa. Anafika ku Tanzania cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mu 1984 anapezekanso ku Togo, ndipo kuchokera malo awiriwa anafalikira m'mayiko ambiri a mu Africa. Kafukufuku wa nthawi imeneyo ku Tanzania anapeza kuti chimanga chinkatha kupepuka ndi 34 peresenti pa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo chinangwa chouma ndi 70 peresenti pa miyezi inayi. Nankafumbwe wamba amadya m'kati mwa njere n'kusiya chigoba chokhala ndi bowo limodzi. Uyu amaboola njere iyi n'kutulukira inzake, n'kulowanso m'chitsononkho, ndipo wamkulu yemwe amaononga zambiri kuposa zomwe amameza. Kukakhala kotentha madigiri 32 ndi chinyezi chokwera, kuchoka dzira kufika kachikumbu kokhwima sikukwana ndi mwezi womwe.

Cholepheretsa choyamba ndi mtundu wa mankhwala. Tembenuzani paketi muwerenge zomwe zili m'katimo, osati dzina lalikulu la kutsogolo. Mankhwala a pirimiphos-methyl amapha bwino Sitophilus, koma Prostephanus amawapirira. Amene amamugwetsa ndi a gulu la pyrethroid, monga permethrin ndi deltamethrin, omwe nawonso paokha sakhwimira mokwanira Sitophilus. N'chifukwa chake mankhwala a fumbi osungira mbewu anayamba kupangidwa osakaniza mitundu iwiri. Mukaona kuti anankafumbwe a milomo yaitali afa koma fumbi likuwonjezekabe, mosakayikira mwathira mtundu umodzi wokha. Onaninso tsiku lotha ntchito, ndipo paketi yomwe inakhala padzuwa kapena inatsegulidwa kalekale musaikhulupirire.

Chachiwiri ndi kusunga chimanga chosatong'ola. Pa chitsononkho njere zimakhala zogwirana, kachilombo kamapeza popondera n'kuboola mosavuta, ndipo makoko amakatchinjiriza ku mankhwala. Chimanga chotong'ola njere zimaterereka, kuboola kumamuvuta, ndipo mankhwala amafika pa njere iliyonse. Ine ndimati kutong'ola ndi theka la ntchito yonse. Poteropo patulani zitsononkho zomwe zili kale ndi mabowo ndi fumbi, zisalowe m'thumba limodzi ndi zabwino. Kumbukirani kuti tizikumbuti timauluka, ndipo timayamba kulowa chimanga chikadali m'munda, makamaka chikachedwa kukololedwa.

Chachitatu ndi chinyezi. Chimanga chosunga chiume kufika 13 peresenti kapena kutsikirapo. Popanda chipangizo choyezera, tengani botolo lagalasi louma, thiranimo njere ndi mchere wouma bwino, tsekani, gwedezani, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi madzi, chibwerere padzuwa.

Chomaliza, chomwe ambiri amachinyozera, ndi kasakanizidwe. Kuwaza mankhwala pakamwa pa thumba lodzaza kale n'kungodzinamiza. Khuthulani mbewu pa lona, yezani mlingo wolembedwa pa paketi, tembenuzani ndi fosholo mpaka njere zonse zitayera pang'ono mofanana, mutatseka mphuno ndi pakamwa. Mphamvu ya mankhwala imatha pakapita miyezi yolembedwa pa paketipo. Mbewu ikakhala kupitirira pamenepo iyenera kuonedwanso.

Ngati mbewuyo ndi tirigu, mpunga kapena mapira, ndipo ikumveka kafungo kotsekemera koma konyansa, yang'anani Rhyzopertha. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira mazana angapo. Njira zake ndi zomwezi.

Thumba losalowa mpweya labooka

Matumba awa, monga a PICS omwe anapangidwa pa yunivesite ya Purdue ku America, amagwira ntchito popanda mankhwala. Ali ndi mapepala awiri apulasitiki m'kati mwa thumba loluka. Tizilombo timapuma mpweya wotsala m'katimo mpaka kuutha, kenako timaleka kudya n'kufa. Kwa Sitophilus izi zimakwana. Koma kachilombo koboola mtengo pulasitiki sikamuopa, ndipo Prostephanus amatha kuboola kuchokera m'kati asanakomoke, kapena kuchokera kunja.

Musanathire mbewu, kolani mpweya m'pepala lililonse, gwirani kukamwa, finyani. Likaphwa ndiye kuti lili ndi bowo. Finyani mpweya wonse mutathira mbewu, n'kumanga pepala lililonse palokha. Musaikemo chimanga chomwe chafumbwa kale kwambiri. Thumba likhale pa chokwezera, lisakhudze khoma, ndipo pafupi pasakhale zitsononkho, nkhuni kapena matumba ena ofumbwa. Musamalitsegule mlungu uliwonse kukasuzumira, chifukwa mukatero mukupatsa tizilombo mpweya watsopano. Kumene Prostephanus wachuluka, nkhokwe yachitsulo kapena mgolo wotsekeka bwino ndi wodalirika kuposa pulasitiki.

Ndinasesa mosungiramo monse, koma abwerera

Munasesa pansi, koma mitengo munaisiya. Prostephanus amakhala m'mizati, m'matabwa oikapo matumba, m'nkhuni zounjikidwa pakhoma, m'zitsononkho zakale ndi m'mitengo youma ya kuthengo. Gogodani matabwa a mosungiramo muone ngati akutsika fumbi. Ofumbwa achotseni muwatenthe, zinyalala za chaka chatha nazo zipse, matumba akale aviikeni m'madzi owira n'kuwayanika. Zokolola zatsopano musaziunjike pamwamba pa zakale.

Dziwaninso kuti wamwamuna mmodzi akapeza chakudya amatulutsa fungo loitana anzake, aamuna ndi aakazi omwe. Thumba limodzi losasamalidwa limaitanira tizilombo chipinda chonse. Fungo lomwelo ndi limene asayansi amaika m'misampha yowerengera tizilomboti, ndiponso ndi limene mdani wake, kachikumbu ka Teretrius nigrescens, amalondola. Mdaniyu anatengedwa ku Central America n'kumasulidwa ku Togo mu 1991, kenako m'mayiko ena. Amachepetsa tizilomboti kuthengo, koma musayembekeze kuti akulonderani thumba lanu.

Tebulo latsopano likutsika fumbi

Tapani fumbilo mulitikite pakati pa zala. Likakhala losalala kwambiri, lopanda mchenga m'kati, ndipo mabowo ndi ozungulira, a milimita imodzi mpaka awiri, ameneyo ndi wa Lyctinae, kawirikawiri Lyctus kapena Minthea.

Mwini mpando amathamangira kupopera mankhwala m'mabowomo, koma mabowo amenewa ndi otulukira. Kachikumbu kanatuluka kale. Wamkazi saboola polowa. Amalowetsa mazira m'timitsempha ta thabwa, tija timaoneka ngati timadontho kumene thabwa ladulidwa. Mphutsi zimadya m'kati miyezi ingapo, mwina kupitirira chaka, pamwamba pa thabwa pali posalala bwinobwino. Choncho mpando womwe wayamba kutsika fumbi patangopita miyezi yochepa chiugulireni, mosakayikira unabwera ndi mphutsi zake m'thabwa, sunazitenge m'nyumba mwanu.

Khalidwe limeneli likutiuza kumene angadye ndi kumene sangadye. Amafuna mitengo ya masamba aakulu yokhala ndi timitsempha totakasuka, ndipo amadya mbali yoyera ya kunja yokha, yomwe ili ndi sitachi. Mtima wa mtengo saukhudza. Paini ndi mitengo ina yotere alibe timitsempha timeneti, choncho Lyctus alibe poikira mazira. Sitachi imachepa thabwa likamakalamba, n'chifukwa chake amakonda matabwa atsopano. Mukaona mzere woyera m'mphepete mwa thabwa wadzaza mabowo pomwe pakati pofiira palibe ndi limodzi lomwe, mwamudziwa kale.

Musanaononge ndalama, tsimikizani kuti muli amoyo, chifukwa thabwa lofumbwa kalekale limatsikabe fumbi likagwedezeka. Pukutani bwino, zungulizani bowo lililonse ndi pensulo, yalani pepala lakuda pansi, musalisunthe milungu ingapo. Bowo latsopano lopanda chizindikiro cha pensulo, loyera m'mphepete, ndiye umboni.

Akakhala amoyo, chofunika ndi kufikira mphutsi m'kati. Kutentha kumapha dzira, mphutsi ndi kachikumbu komwe: lamulo la mayiko onse la matabwa onyamulira katundu, ISPM 15, limafuna madigiri 56 kwa mphindi 30, koma pakati penipeni pa thabwa, osati pamwamba. Apa ndi pamene kukulunga mpando m'pulasitiki yakuda n'kuuika padzuwa kumalepherera pa matabwa ochindikala: kunja kumaotcha dzanja, m'kati mphutsi zili phee. Zinthu zing'onozing'ono, monga zosema, zikulungeni m'pulasitiki muziike m'firiji yoziziritsa kufika madigiri 18 pansi pa ziro kwa mlungu wathunthu kapena kupitirira, ndipo muzimasule zitabwerera kale m'kutentha kwa m'chipinda kuti zisachite thukuta. Mankhwala a borax ndi boric acid osungunula m'madzi amalowerera m'thabwa n'kupha mphutsi zikamadya, koma sadutsa vanishi kapena penti. Muyenera kupala kaye. Chigawo chomwe chafewa mpaka kulowa chikhadabo musachinyengerere, kalipentala achidule aikepo china.

Vanishi ndi penti zimateteza thabwa lomwe mulibe kanthu, potseka timitsempha tija, koma zipakidwe paliponse: kunsi kwa tebulo, kumbuyo kwa kabati, kumapeto kwa miyendo. Pa thabwa lomwe muli kale mphutsi, kachikumbu kadzangoboola vanishiyo potuluka. Zikumbu za Bostrichinae nazo, monga Sinoxylon ndi Heterobostrychus, vanishi siziletsa kwenikweni, chifukwa wamkulu amaboola yekha polowa kukaikira mazira. Mabowo ake ndi okulirapo, ndipo fumbi lake limakhala lotsendereka m'njira zake.

Fumbi likapanda kufanana ndi zimenezi, mwina si banjali ayi. Lokhakhala, la timibulu, pa thabwa lakale la pamalo achinyezi, ndi la Anobium wa banja la Ptinidae, ndipo mankhwala ake enieni ndi kuumitsa malowo. Timibulu tolimba ta mbali zisanu ndi imodzi ndi ta chiswe cha m'matabwa ouma. Mabowo akuda m'mphepete, opanda fumbi, anasiyidwa ndi tizikumbu tolima nkhungu mtengo ukadali wauwisi. Timeneto tinafa thabwa litauma, palibe chochita.

Nsungwi

Woboola nsungwi ndi Dinoderus minutus. Khungu la nsungwi ndi lolimba, choncho amalowera podulidwa ndi pong'aluka, n'kudya m'kati mofewa mpaka kutsala chikungwa chokha. Nsungwi yanthete ili ndi sitachi yambiri. Dulani yokhwima, ya zaka zitatu mpaka zisanu. Kuiimika ndi masamba ake milungu ingapo itadulidwa, tsinde lisakugunda dothi, kumathandiza kuti idye sitachi yake yomwe. Kuiviika m'madzi oyenda kwa mwezi kapena iwiri kumatsukanso sitachi. Njira ziwirizi zimangochepetsa. Yodalirika ndi kuboola mfundo zonse za m'kati ndi chitsulo chachitali n'kuiviika ikadali yaiwisi m'madzi a borax ndi boric acid. Mvula imatsuka mankhwala amenewa, choncho nsungwi yotere igwire ntchito pansi pa denga.

Pa mtengo wamoyo, monga khofi kapena kashu, mukaona bowo lalikulu pathunthu ndi utuchi patsinde, mwina ndi Apate, chikumbu chakuda cha masentimita awiri kapena atatu. Lowetsani waya m'bowomo mumuphe, ndipo nthambi zouma ndi mitengo yodulidwa musazisiye m'munda, chifukwa mphutsi zake zimakulira mmenemo.

Mapiritsi a mpweya wakupha

Mapiritsi a aluminium phosphide, ophera tizilombo m'mbewu zosungidwa, akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine. Mpweya umenewu umapha anthu, ndipo umadutsa m'thumba loluka, m'ming'alu ya khoma ndi pansi pa chitseko. Musawaike m'nyumba yogona anthu, kapena m'chipinda chogundizana ndi pogona anthu kapena ziweto, ngakhale wogulitsa atanena kuti piritsi limodzi silivuta. Ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa. Wina akamva mutu, chizungulire, nseru kapena kubanika pafupi ndi mbewu yothiridwa mapiritsiwa, atulutsidwe panja msanga ndipo apite naye kuchipatala.

Kuwonjezera pa ngoziyo, piritsi loponyedwa m'thumba wamba siligwira ntchito. Mpweya uyenera kutsekeredwa pamalo osatuluka kanthu kwa masiku osachepera asanu mpaka asanu ndi awiri, chifukwa mazira ndi tizilombo tomwe tikusandulika m'kati mwa njere timapuma pang'ono kwambiri ndipo timachedwa kufa. M'thumba lotayikira mpweya, akuluakulu amafa tsiku loyamba, mwini mbewu n'kusangalala, koma mazira amadzaswabe pambuyo pake. Opulumuka m'njira imeneyi ndi amene abereka mibadwo yopirira, ndipo Rhyzopertha dominica wosamva phosphine wapezeka kale m'mayiko ambiri olima tirigu, kuphatikizapo Australia, India ndi Brazil.